Philip Hench: dokotala amene adayendetsa odwala nyamakazi, dziko n'kumumva theka

Ngati mudakhalapo pa mzere ku Gulupu ndi mwana wobanika ndi mphumu, mwina mudabwerako ndi timapilisi tolembedwa kuti prednisolone. Ngati m'bale wanu adagonekedwa nthawi ya Covid-19 akupumira oxygen, n'kutheka kuti adalandira dexamethasone. Ndipo ngati muli ndi mnzanu amene nkhope yayera mwadzidzidzi pomwe zala zikadali zakuda, kachubu kamene amabisa m'chikwama kaja kakhoza kukhala ndi betamethasone kapena clobetasol. Mankhwala onsewa ndi a banja limodzi la ma steroid, ndipo gogo wawo ndi cortisone. Tisasokoneze apa: awa si ma steroid aja amafuna anyamata a ku jimu kuti atupe minofu. Awa ntchito yawo ndi kuzimitsa kutupa ndi kupweteka m'thupi.

Munthu amene adaganiza zoyesa cortisone pa wodwala nyamakazi koyamba adali dokotala wa ku America, Philip Showalter Hench. Adamwalira mu 1965 ndipo sadakhalepo ku Malawi. Komabe mbiri yake ndi yathu, chifukwa vuto limene lidamusowetsa tulo iye likugulitsidwa lero m'timasitolo ta ku Limbe popanda pepala la dokotala.

Hench adabadwa pa 28 February 1896 mumzinda wa Pittsburgh. Adabadwa ndi chilema cha m'kamwa, kumwamba kwake kuli kong'ambika, choncho mawu ake ankatuluka movutikira moyo wake wonse. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu adadzatchuka ngati mphunzitsi wokonda kuyankhula pagulu. Adamaliza maphunziro ku Lafayette College mu 1916, n'kutenga digiri ya udokotala ku University of Pittsburgh mu 1920. Posakhalitsa adapita ku Mayo Clinic, chipatala chachikulu chomwe chili m'katauni kozizira kwambiri ka Rochester ku Minnesota. Pofika 1926 adali atapatsidwa udindo woyang'anira gawo la matenda a nyamakazi, ali ndi zaka 30 zokha.

Musaganize kuti udali udindo wosiririka. Nthawi imeneyo madokotala ambiri ankathawa gawo limeneli chifukwa munalibe chopereka kwa odwala.

Kwathu kuno mawu akuti nyamakazi timawagwiritsa ntchito pa chilichonse chophwanya mafupa. Agogo akadandaula maondo ndi nyamakazi, wina chala chakuphazi chikatupa ndi nyamakazi. Koma mtundu umene Hench ankalimbana nawo, umene madokotala amautcha rheumatoid arthritis, ndi wina. Sikuti mafupa atha ndi ukalamba ayi. Ndi chitetezo cha m'thupi chimene chasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi thupi la mwini wake, makamaka m'malo olumikizana mafupa. Kawirikawiri imayamba ndi mfundo za zala ndi m'mikono, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Munthu amadzuka m'mawa zala zitauma gwa, ola lathunthu kapena kuposerapo asanathe kugwira kapu. Zaka zikamapita zala zimapindika ndipo sizibwereranso. Imagwira amayi kwambiri kuposa abambo, ndipo nthawi zambiri ali pa msinkhu wogwira ntchito. Tangoganizani mayi wosoka pa khonde ku Ndirande kapena wogulitsa kaunjika, amene chuma chake chonse chili m'zala.

M'masiku a Hench odwala oterewa ankapatsidwa aspirin, kupumula pabedi, ndi kuthowa ndi madzi otentha. Ena ankawabaya mankhwala opangidwa kuchokera ku golide. Panalinso chikhulupiriro chakuti matendawa amachokera ku tizilombo tobisala penapake m'thupi, moti anthu ambiri adazulidwa mano abwinobwino pofunafuna mdani amene kunalibe. Madokotala ambiri ankakhulupirira kuti nyamakazi imeneyi ikangoyamba ndiye basi, njira ndi imodzi yopita ku njinga ya olumala.

Mu April 1929 padachitika kanthu kakang'ono kamene dokotala wotanganidwa akadangokalemba m'faelo n'kuiwala. Wodwala wake wina, bambo wa zaka 65 yemwenso adali dokotala, adadwala chikasu, maso ndi khungu kuchita chikasu chifukwa cha vuto la chiwindi. Chikasucho chitangoyamba, kutupa ndi kupweteka kwa nyamakazi kudachepa mpaka bamboyo kuyenda momasuka. Chikasu chitatha, patapita nthawi nyamakazi idabwerera.

Hench sadaiwale. Adayamba kulemba wodwala aliyense amene zoterezi zidamuchitikira. Kenaka adaona zofanana kwa amayi oyembekezera: mayi wa nyamakazi akatenga pathupi, ululu unkachepa, akabereka n'kubwereranso. Mu 1938 adasindikiza zimene adaona pa amayi 22, ndipo 20 mwa iwo adapeza mpumulo ali oyembekezera. Maganizo ake adali osavuta kumva. Ngati matendawa angathe kuzilala okha kwa miyezi ingapo, ndiye kuti si osagonjetseka, ndipo thupi lenilenilo limapanga chinachake chowazimitsa. Chinthucho sankachidziwa, ndiye adangochitcha Substance X.

Apa ndi pamene ine ndimamupatsira ulemu mkuluyu, chifukwa zaka pafupifupi 20 zotsatira zidali za kulephera kokhakokha. Adayesa kupatsa odwala zinthu zochokera mu ndulu, sizidathandize. Adayesa kuwaika magazi a anthu odwala chikasu, ndi a amayi oyembekezera. Adayesa mahomoni a chikazi. Adafika mpaka poyesa kudwalitsa anthu chikasu dala ndi mankhwala, chinthu chimene lero komiti yoona za kafukufuku ku Kamuzu University of Health Sciences ingakuthamangitseni nacho pakhomo pomwepo. Nthawi zina zinkaoneka ngati zikutheka, koma palibe chimene chidakhazikika. Zaka 20 mukufunafuna chinthu chopanda dzina, anzanu akukwezedwa ndi ntchito zooneka.

Pa Mayo pomwepo padali katswiri wa sayansi ya chemistry, Edward Kendall, amene adatchuka kale mu 1914 popatula homoni ya chithokomiro. M'zaka za m'ma 1930 Kendall ankafufuza tiziwalo tiwiri ting'onoting'ono tokhala pamwamba pa impso, totchedwa adrenal. Kudali kodziwika kuyambira mu 1855, pamene Thomas Addison wa ku London adalongosola za matendawa, kuti tiziwaloti tikafa munthunso amafa. Kendall ankalandira tiziwalo ta ng'ombe tambirimbiri kuchokera kophera nyama, n'kumapatula zinthu zimene zili m'kati. Adazipatsa malembo: Compound A, B, mpaka E ndi F. Ku Switzerland Tadeus Reichstein ankachita ntchito yofanana, ndipo awiriwa adali pa mpikisano.

Mu January 1941 Hench ndi Kendall adakhala pansi n'kugwirizana kuti Compound E ikadzapezeka yokwanira, adzaiyese pa nyamakazi. Vuto lidali pa kupezekako. Mulu wa tiziwalo ta ng'ombe unkatulutsa kaufa kosakwana n'komwe kuchizira munthu mmodzi.

Chimene chidatsegula njira ndi mphekesera ya pa nkhondo. Kudamveka kuti Germany ikugula tiziwalo ta ng'ombe ku Argentina n'kumapatsa oyendetsa ndege zake za nkhondo kuti aziuluka m'mwamba kwambiri osakomoka. Idali nkhambakamwa chabe, koma boma la America lidachita mantha n'kuika ndalama zambiri pa ntchito yopanga mahomoniwa. Ku kampani ya Merck, mnyamata wina wa zaka za m'ma 20, Lewis Sarett, adakwanitsa kupanga Compound E kuchokera ku ndulu ya ng'ombe, podutsa masitepe oposa 30. Nthawi yonseyi Hench adali ku usilikali ngati dokotala, kuyambira 1942 mpaka 1946, akuyang'anira asilikali odwala nyamakazi ku Hot Springs, Arkansas.

Pofika 1948 Merck idali ndi magalamu ochepa chabe a mankhwalawa, itaononga ndalama zankhaninkhani, koma osadziwa kuti igulitsa kwa ndani. Odwala matenda a Addison adali ochepa kwambiri kuti abweze ndalamazo.

Nthawi yomweyo pa chipatala cha Saint Mary's ku Rochester padagona mayi wa zaka 29, amene m'mabuku a zachipatala amangodziwika kuti Mrs G. Adali atadwala nyamakazi zaka zoposa zinayi, moti kutembenuka pabedi kudali nkhondo. Njira ya chikasu ija adamuyesa, osatheka. Mayiyu adakana kutuluka m'chipatala asanathandizidwe. Hench ndi Kendall adalembera Merck kupempha kaufa kaja, ndipo adawatumizira.

Pa 21 September 1948 mnzake wa Hench, Charles Slocumb, adamubaya jekeseni woyamba. Ankalandira mamiligalamu 100 patsiku, mlingo waukulu, ndipo akadayamba ndi wochepa mwina sakadaona chilichonse n'kutaya mtima. Tsiku loyamba padalibe kusintha. Pofika tsiku lachitatu mayiyu ankatembenuka yekha, n'kudzuka, n'kuyenda. Patatha sabata imodzi adapita m'tauni kukagula zinthu kwa maola atatu.

Hench adachita mantha m'malo mosangalala, ndipo adali ndi chifukwa. Odwala nyamakazi amatha kumva bwino kwa kanthawi chifukwa cha chiyembekezo chokha. Choncho iye, Slocumb ndi Howard Polley adayesa odwala ena mwachinsinsi m'miyezi yotsatira. Nthawi zina ankasintha jekeseni n'kuika wa cholesterol wooneka chimodzimodzi, wodwala osadziwa. Akatero ululu unkabwerera, akabwezeretsa mankhwala enieni unkathanso. Adajambulanso kanema wa odwalawo asanalandire mankhwala ndi atalandira. Mu April 1949 adalengeza zotsatira za odwala 14. Chaka chomwecho Compound E idapatsidwa dzina lakuti cortisone.

Pano ndi pamene nkhani idathawa m'manja mwa mwini wake. Nyuzipepala zidalemba za chozizwitsa, opuwala akutaya ndodo. Ifeyo a m'nyuzipepala tikudziwa mmene timachitira tikapeza mutu wokoma, ndipo kukadakhala TikTok nthawi imeneyo kanema uja akadazungulira dziko usiku umodzi. Anthu adakhamukira kwa madokotala kufuna cortisone, pomwe galamu imodzi inkagula madola 200. Mu October 1950, patangotha zaka ziwiri kuchokera pa jekeseni woyamba uja, Hench, Kendall ndi Reichstein adalengezedwa kuti apambana mphoto ya Nobel. Ndi imodzi mwa mphoto zimene zidabwera mwachangu kwambiri m'mbiri ya zachipatala. Hench adagawako ndalama zake kwa Slocumb ndi Polley, ndipo sisitere amene ankayang'anira wodi ya odwalawo adamulipirira ulendo wa ku Rome.

Koma m'zolemba zake kuyambira pachiyambi, Hench ankabwerezabwereza kuti cortisone si mankhwala ochiza nyamakazi. Kwa iye chidali chida chofufuzira mmene matendawa amayendera, umboni wakuti angathe kubwezedwa. Adachenjeza kuti mankhwalawo akasiyidwa matenda amabwerera, ndipo kuti akapitirizidwa kwa nthawi yaitali amabweretsa mavuto awo. Dziko lidamva gawo loyamba la uthenga, lija la opuwala kuyenda. Gawo lachiwiri lidapita ndi mphepo.

Amene adayamba kulipira mtengo wake ndi Mrs G yemwe uja. Patatha masabata ochepa nkhope yake idatupa kukhala yozungulira ngati mwezi. Maganizo adayamba kusokonekera, lero chisangalalo chopitirira, mawa kukhumudwa koopsa, mpaka adamusamutsira ku wodi ya odwala maganizo. Mayi amene dziko lonse linkamuwerenga ngati chozizwitsa adachoka ku Mayo atakwiya, ndipo nyamakazi yake idali pomwepo. Nkhani imeneyi simuipeza m'mitu ya nyuzipepala za 1949.

Odwala ena adatsatira ndi mavuto amene lero ophunzira udokotala amaloweza pamtima: kunenepa nkhope ndi mimba pomwe miyendo ikuonda, shuga kukwera, BP kukwera, mafupa kufooka mpaka kuthyoka okha, zilonda za m'mimba, ng'ala m'maso, khungu kupyapyala, ndi chitetezo cha m'thupi kutsika. Chifukwa chake n'chomveka. Thupi limapanga homoni yofanana ndi imeneyi tsiku lililonse, yotchedwa cortisol, koma pa mlingo wake. Mukaithira yambiri kuchokera kunja, imazimitsa kutupa koma imazimitsanso alonda amene amakutetezani ku tizilombo. Choopsa china n'chakuti tiziwalo ta pa impso tija timagona tulo tikaona kuti ntchito yake ikugwiridwa ndi mapilisi. Munthu amene wamwa kwa miyezi akasiya mwadzidzidzi, thupi limatsala lopanda homoniyo, ndipo akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. N'chifukwa chake madokotala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono.

Mu 1954 kudabwera nkhonya ina. Akatswiri a ku Britain adayerekeza cortisone ndi aspirin pa odwala 61 amene nyamakazi idangowayamba kumene, ndipo patatha chaka adapeza kuti kusiyana kwake kudali kochepa. Hench sadakondwe nazo, ndipo adaona kuti kafukufukuyo sadauchitire chilungamo mankhwala ake. Apa ndikuona kuti adagwidwa pakati. Iye yemwe ankachenjeza kuti cortisone si yochiza adalephera kupirira ena atanena zomwezo ndi manambala. Munthu ndi munthu basi, zaka 20 za moyo wake zidali m'kabotolo kameneko.

Pamene madokotala ankakangana, a mafakitale adali kalikiliki kutsitsa mtengo. Percy Julian, katswiri wachikuda wa ku America amene adakulira m'tsankho la ku Alabama, adapeza njira yopangira zinthu zoyambira kuchokera ku soya. Mu 1952 kampani ya Upjohn idagwiritsa ntchito nkhungu kuti ichite sitepe yovuta kwambiri pa zinthu zochokera ku zilazi zakutchire za ku Mexico. Mtengo udagwa. Mu 1955 kudabwera prednisone ndi prednisolone, ndipo zaka zochepa pambuyo pake dexamethasone, wamphamvu kuposa cortisone maulendo oposa 20. Mankhwala amene ankagula madola 200 pa galamu lero ndi amodzi mwa otchipa kwambiri pa shelefu.

Kutchipako ndi dalitso, komanso ndi pamene pagona vuto lathu. Azakhali anga ena amadwala zala kwa zaka, ndipo wina adawauza za timapilisi timene timathetsa ululu tsiku lomwelo. Ankatigula pasitolo ina popanda kufunsidwa funso. Miyezi yoyamba tidasangalala nawo, amachapa, amasinja, nkhope yadzaza, anthu n'kumati azakhali mwanenepa bwino. Ku chipatala adafika shuga atakwera kale. Sindikuwaimba mlandu. Munthu amene akulephera kumanga chitenje chifukwa cha zala, mukamupatsa chinthu chogwira ntchito m'maola ochepa, angakane bwanji? Ndi msampha womwe uja wa 1949. Chimodzimodzi atsikana amene akumwa ma steroid dala kuti anenepe, kapena kudzola kuti ayere, osadziwa kuti kunenepa kumeneko ndi kuja kudamuchitikira Mrs G. M'dziko limene TB ndi HIV zili pakati pathu, kutsitsa chitetezo cha m'thupi popanda dokotala kukuyang'anirani ndi kusewera ndi moto.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti Blantyre idathandizapo dziko lonse kumvetsa malire a mankhwalawa. Ku Ulaya kafukufuku adaonetsa kuti dexamethasone imathandiza akuluakulu odwala matenda oumitsa khosi. Madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital sadangokopera. Gulu lotsogoleredwa ndi Elizabeth Molyneux lidayesa pa ana 598, ndipo zotsatira zimene zidatuluka mu 2002 zidaonetsa kuti sidachepetse imfa. Mu 2007 kafukufuku wina pa chipatala chomwechi, pa akuluakulu 465 amene ambiri mwa iwo adali ndi HIV, adapezanso chimodzimodzi. Mankhwala omwewo, matenda omwewo, koma odwala ena, zotsatira zina. Kenaka mu June 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku Britain adapeza kuti dexamethasone imachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu pakati pa odwala Covid-19 opumira makina, ndi limodzi mwa asanu pa amene ali pa oxygen, koma osathandiza konse amene sakufunika oxygen. Amene adathamangira kukagula kuti azimwa kunyumba adamva theka la uthenga, monga mwa nthawi zonse.

Pa nyamakazi yeniyeniyo, lero madokotala amadalira mankhwala ena amene amachepetsa kuonongeka kwa mafupa, makamaka methotrexate, nthawi zina pamodzi ndi hydroxychloroquine, m'bale wake wa chloroquine uja makolo athu ankamwa pa malungo. Mankhwalawa amatenga masabata kuti ayambe kugwira, ndiye steroid amaperekedwa pang'ono ngati mlatho wowolokera, kwa nthawi yochepa mmene kungathekere. Ndi malo amene Hench akadagwirizana nawo. Ngati zala zanu kapena za mayi anu zimauma m'mawa uliwonse mbali zonse ziwiri kwa masabata angapo, pitani msanga kuchipatala, chifukwa mfundo ikapindika palibe pilisi loiwongola. Ndipo ngati mwakhala mukumwa ma steroid kwa nthawi, musasiye lero lomwe chifukwa mwawerenga nkhaniyi, kauzeni adokotala zoona zake kuti akutsitsireni bwinobwino.

Hench adapuma pa ntchito mu 1957. Adali ndi mkazi wake Mary Kahler, amene adakwatirana naye mu 1927, ndi ana anayi. Zaka zake zomaliza adazithera pa zinthu zina zimene ankazikonda kuyambira kale. Adasonkhanitsa makalata ndi zithunzi zambirimbiri zokhudza Walter Reed ndi anzake amene adatsimikiza kuti udzudzu ndi umene umafalitsa yellow fever ku Cuba, ndipo zonsezo zikusungidwa ku University of Virginia. Ankatoleranso mabuku a Sherlock Holmes, katswiri wofufuza milandu wa m'nthano uja, amene pano ali ku University of Minnesota. Sizodabwitsa kwa munthu amene adatsata kachizindikiro kamodzi kwa zaka 20.

Thanzi lake lidafooka ndi matenda a shuga, ndipo adamwalira ndi chibayo pa 30 March 1965 ali pa tchuthi ku Ocho Rios, ku Jamaica, ali ndi zaka 69. Funso limene adayamba nalo mu 1929 adalisiya lisanayankhidwe mokwanira. Akatswiri adadzaona kuti kukwera kwa cortisol pakokha sikufotokoza bwino chifukwa chimene nyamakazi imazilalira mayi akakhala ndi pathupi, ndipo mpaka lero akufufuzabe kuti Substance X ija idali chiyani kwenikweni.